Mmene mungalowere ntchito ya kafukufuku wa deta ndi uinjiniya muli konkuno ku Blantyre

Achimwene ndi achemwali amene mwamaliza kumene digiri ya uinjiniya, ya kompyuta, ya masamu kapena sitatisitiki, komanso inu muli chaka chomaliza, ndikudziwa kuti ambiri mumalakalaka kudzaphunzitsa pa yunivesite ndi kupanga kafukufuku weniweni. Chimene chimandiwawa nchakuti ambiri amangokhala kudikira sukolashipu kuti nde ayambe, chonsecho sukolashipuyo imapita kwa munthu amene wayamba kale, amene ali ndi kanthu kooneka m'manja. Nde ndikufuna ndikuyalireni njira yoyambira muli konkuno, kaya mumakhala ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Bangwe kaya ku Machinjiri, ndi laputopu yomweyo imene munalembera pulojekiti ya chaka chomaliza.

Choyamba, dziwani ntchito imene mukuifunayo

Wakafukufuku si pulogilama wa ku banki ndipo si injiniya wa pa saiti. Ntchito yake ndi kufunsa funso limene palibe analiyankha bwinobwino, kuliyankha mwa njira yoti wina atha kuibwereza nkupeza zomwezo, kenako kulemba kuti anzake aunike. Pa yunivesite makwerero ake amayenda chonchi, ndi digiri yoyamba yabwino mumalowa ngati staff associate kapena wothandizira pa pulojekiti, masitazi ndi imene imakupangani lekichara, ndipo kuti mukwere mpaka kufika pa upulofesa amafuna PhD komanso amawerenga mapepala amene mwasindikiza, ophunzira amene mwawayang'anira ndi ndalama za kafukufuku zimene mwabweretsa. Malipiro a poyamba ndi ochepa poyerekeza ndi anzanu amene alowa ku makampani a mafoni, izi muzidziwiretu.

Mwayi wathu ndi woti malo ochitira zimenezi ali pafupi. MUBAS ili pa Chichiri pompa, ija tinkaitchula Poly isanaime payokha mu 2021, ndipo mkati mwake muli Kuyesera AI Lab, muli WASHTED ya zamadzi ndi ukhondo, muli situdiyo yopangira zipangizo. KUHeS nayo ili mumzinda momwemu, Malawi-Liverpool-Wellcome Programme (MLW) ili ku Queens kuyambira 1995 ndipo anthu a zaumoyo amafuna kwambiri odziwa deta, kenako MUST ili ku Thyolo, inatsegulidwa mu 2014, ulendo woti mupita nkubwerako tsiku lomwelo.

Chachiwiri, sankhani funso limodzi, laling'ono, lakwanu

Apa nde pamene pagona nkhani yonse ndipo ndikhalitsapo. Munthu akandiuza kuti ndikufuna kupanga kafukufuku wa AI mu zaumoyo ndimadziwa kuti sanayambe, chifukwa uwo ndi mutu chabe, si funso. Funso limakhala ndi malo, nthawi, chinthu choyeza, ndipo mutha kunena kuti yankho likatuluka chonchi ndalakwa, likatuluka chonchi ndalondola.

Tiyeni titenge chitsanzo chimene aliyense wa mu Blantyre amachidziwa ndipo chimatipwetekabe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe, anthu ambiri anataya miyoyo ndi nyumba. Mutu waukulu ndi kusintha kwa nyengo, koma funso loti inu mungaligwire ndi ili, ndi nyumba zingati mu mzinda uno zimene zamangidwa pa malo otsetsereka kwambiri, m'mbali mwa Soche, Ndirande, Michiru ndi Mpingwe, ndipo ndi zigawo ziti zimene zili m'njira ya madzi mvula yaikulu ikagwa. Deta yake ilipo yaulere, kutalika kwa nthaka mupeza mu SRTM imene imayeza pa mamita 30 alionse, nyumba mupeza mu OpenStreetMap ndi Open Buildings ya Google, zithunzi za setilaiti za Sentinel-2 zikuonetsani pamene panagumuka mukafananiza za mvula isanagwe ndi za itagwa, mvulayo mupeza mu CHIRPS, ndipo QGIS yosanjikizira zonsezi salipira olo tambala. Mukamaliza pa kompyuta kwerani minibasi mupite mukaone ndi maso malo angapo, chifukwa mapu amanama nthawi zina, denga la khola amaliwerenga ngati nyumba, ndipo kulemba mosabisa kuti mapu analakwitsa kangati pa nyumba 100 zimene munaziyendera ndi gawo la kafukufukuyo, mwinanso ndi gawo limene lingakope pulofesa kuposa zina zonse.

A magetsi muli ndi zanu, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, nde mafunso a sola, mabatire ndi mmene kagwiritsidwe ntchito ka magetsi kamasinthira pa tsiku ali mbwee. A zamadzi mukudziwa kuti madzi ambiri a mumzinda uno amapopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry kukwera mtunda wonsewo, nde dontho lililonse lotayika pa paipi yophulika latenga kale magetsi, funso la mmene tingadziwire msanga pamene pakudontha ndi la uinjiniya komanso la deta nthawi imodzi. A makompyuta, chilankhulo chathuchi makina sachidziwa bwino, pa Zindi, webusaiti ya mipikisano ya deta ya mu Africa, panachitika mpikisano wogawa nkhani za m'Chichewa m'magulu, ndipo gulu la Masakhane limagwira ntchito pa zilankhulo za mu Africa ndipo aliyense atha kulowa. A zipangizo zachipatala kumbukirani kuti Pumani, makina othandiza ana akhanda kupuma, anayesedwa ku Queens konkuno mogwirizana ndi Rice University.

Sankhani chimodzi basi. Mulembe funsolo mu chiganizo chimodzi, mukalephera nde kuti likadali lalikulu, lidulenibe. Kenako pitani pa Google Scholar muwerenge mapepala 10 mpaka 15 amene ayandikira funso lanu, pa pepala lililonse lembani mu kope zinthu zitatu, anafunsa chiyani, anagwiritsa deta yanji, anasiya chiyani. Pamene onse anasiya mpamene inu muyambire.

Chachitatu, maluso

Python kapena R, sankhani imodzi muidziwe bwino, osamadumphadumpha. SQL pang'ono. Git ndi GitHub kuyambira tsiku loyamba, kuti ntchito yanu isafere mu fulashi. Koma chimene ambiri amachithawa ndi masamu, linear algebra, probability, calculus ndi sitatisitiki, ndipo ndikukuuzani ndi mtima wonse kuti pa intavyu ya masitazi kapena PhD sadzakufunsani kuti munatsitsa laibulale yanji, adzakufunsani chifukwa chiyani modelo yanu ikuchita bwino pa deta yophunzitsira koma ikugwa pa deta yatsopano, ndipo yankho lake lili m'masamu. Bwererani ku manotsi a chaka chachiwiri.

Za makina musadandaule kwambiri, Google Colab ndi Kaggle zimakubwerekani GPU, kachipangizo kophunzitsira modelo mwachangu, kwaulere kwa maola ena, laputopu yanu imangokhala khomo lolowera. Chofunika ndi kukonzekera kuzima kwa magetsi ndi kutha kwa bandulo, muzilemba khodi yoti izisunga pamene yafika pakapita kanthawi, tsitsani deta yaikulu mukakhala pa wayifayi ya pasukulu, mapepala owerenga asungeni mu pulogalamu ya Zotero kuti muziwerenga olo netiweki palibe.

Chachinayi, deta ndi chilolezo

Deta ya dziko lino ilipo yambiri kuposa mmene anthu amaganizira. National Statistical Office ku Zomba ili ndi zotsatira za kalembera wa 2018 amene anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo Integrated Household Survey mutha kuipeza pa Microdata Library ya World Bank mutalembetsa ndi kufotokoza chimene mukufuna kuchita. Yambani ndi deta yotseguka ngati imeneyi chifukwa simudikira aliyense.

Koma mukangofuna kufunsa anthu mafunso, kujambula mawu awo, kapena kugwira mafayilo a odwala, imani kaye. Pamafunika chilolezo cha komiti younika kafukufuku musanatole olo mzere umodzi, za umoyo zimadutsa ku COMREC ya ku KUHeS kapena ku National Health Sciences Research Committee, zina zimadutsa ku makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology kapena a pa yunivesite yanu. Chilolezochi sichiperekedwa ntchito itachitika kale, ndipo jenolo yabwino ikakufunsani nambala yake mulibe, pepala lonse lafera pomwepo. Palinso lamulo loteteza deta ya anthu la 2024. Ndipo pambali pa malamulo, mayi amene wakuuzani za matenda a mwana wake wakukhulupirirani, dzina lake ndi nambala yake ya foni zisapezeke pa GitHub kapena pa gulu la WhatsApp.

Chachisanu, pezani wamkulu wokugwirani dzanja

Kafukufuku saphunzirika pa YouTube pokha, pamafunika munthu amene anadutsamo woti aziwerenga zolemba zanu nkuzifiiritsa ndi cholembera. Yambirani kwa lekichara amene anakuyang'anirani pulojekiti ya chaka chomaliza, ngakhale munamaliza chaka chatha kapena dzana, bwererani. Musapite chimanjamanja kukanena kuti bwana ndithandizeni mwayi uliwonse, pitani ndi tsamba limodzi lokhala ndi funso lanu, deta imene mwapeza, chithunzi chimodzi cha zimene mwayamba kuona, ndi pamene mwakakamira. Munthu wotanganidwa amathandiza msanga wofunsa chinthu chimodzi chodziwika kusiyana ndi wofuna chilichonse.

Imelo yopita kwa munthu amene simunakumanepo naye, kaya ali ku MUST kaya ku Cape Town kaya ku Glasgow, ikhale yaifupi yoti awerenge pa foni ataima. Mzere woyamba ndinu ndani ndipo munaphunzira chiyani, wachiwiri pepala lawo limene mwawerenga ndi chinthu chenicheni chimene mwatolamo, osati kungoyamikira kuti ndi labwino zedi, wachitatu chimene inu mwapanga kale ndi linki yake, kenako pempho limodzi, mwina mphindi 20 zocheza kapena ngati akulandira ophunzira chaka chamawa. Dzina lawo ndi udindo wawo mulembe molondola. Akapanda kuyankha dikirani masabata awiri mukumbutse kamodzi mwaulemu, akakhalabe chete pitani kwa wina osasunga mangawa, ena amalandira maimelo ochuluka zedi. Ndipo chonde imelo imodzi musaitumize kwa mapulofesa 30 mutangosintha dzina, zimaonekeratu.

Muziyang'ananso zotsatsa za ntchito zothandizira kafukufuku ku MLW, ku KUHeS, ku MUBAS, olo zikhale za miyezi yochepa, olo ntchitoyo ikhale yoyeretsa deta ya anthu ena. Kuyeretsa deta kumaphunzitsa zinthu zimene m'kalasi mulibe, mumaona mmene tsiku lobadwa limalembedwera mitundu inayi mu fayilo imodzi, mumamva mmene akuluakulu amatsutsirana pa misonkhano ya labu, ndipo pamapeto pake mumatuluka ndi munthu amene angakulembereni kalata ya umboni akukudziwani zenizeni. Mukayamba ntchito yotere funsani msanga, mwaulemu, kuti kodi ndikathandiza mpaka pati dzina langa lidzakhala pa pepala, nkhani imeneyi ndi yabwino kuikamba poyamba kusiyana ndi kudzadandaula pepala litatuluka.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani ndipo muonetse anthu

Lembani zimene mwapeza m'masamba 4 mpaka 8, funso, zimene ena anachita, njira yanu, zotsatira, ndi zofooka zake. Gawo la zofooka musalibise. Khodi ikhale pa GitHub ndi kafotokozedwe koti mlendo atha kuiyendetsa. Tsegulani ORCID, nambala yozindikiritsa wakafukufuku, ndi yaulere, kuti dzina lanu lisasokonekere ndi a Banda kapena a Phiri ena onse amene akusindikiza.

Poyambira pabwino ndi posita yoonetsa ntchito yanu pa msonkhano wa kafukufuku. Deep Learning Indaba inayamba mu 2017 ku Johannesburg ndipo imasonkhanitsa a AI a mu Africa muno, imathandizanso ophunzira ena ndi ndalama za ulendo, komanso ili ndi timisonkhano ta m'maiko totchedwa IndabaX ndipo ya Malawi imachitika. Kuima pambali pa posita yanu anthu nkumakufunsani mafunso ovuta ndi sukulu yokwanira payokha. Mukafuna kuika pepala lanu pa arXiv, webusaiti yoikapo mapepala asanatuluke mu jenolo, dziwani kuti woyamba kumene nthawi zambiri amafunika wina womuvomereza, apanso wamkulu wanu uja athandiza.

Tsopano chenjezo, ndipo ili ndikulinena mokweza chifukwa achinyamata ambiri aluzapo ndalama. Kuli majenolo achinyengo amene amakulemberani okha imelo, kukutamandani, kulonjeza kusindikiza m'masiku ochepa mukangolipira madola. Jenolo imene ikukuitanirani ngati oitanira minibasi pa Wenela ithaweni. Yeniyeni imatumiza pepala lanu kwa akatswiri ena, pamapita miyezi, limabwera ndi ndemanga zowawa, nthawi zina amalikana ndithu ndipo mumakonza nkutumiza kwina, ndi mmene zimayendera kwa aliyense olo mapulofesa. Musanatumize yang'anani ngati jenoloyo ili m'mindandanda ya majenolo ya DOAJ, Scopus kapena African Journals Online, ndipo funsani a ku laibulale. Pepala la mu jenolo yachinyengo pa CV limakuchotserani ulemu pamaso pa komiti, bola CV yopanda pepala. Majenolo ambiri enieni amachotsa kapena kutsitsa mtengo kwa olemba a ku Malawi mukapempha, ndipo powerenga mapepala otsekedwa funsani ku laibulale ya yunivesite za Research4Life yotsegula mapepala otere, mabungwe a kuno amalowa mwaulere.

Za ChatGPT ndi anzake, kukonzera galamala kapena kufunsa pamene khodi yakanika palibe vuto bola mutsate malamulo a jenolo ndi a sukulu yanu, koma musalole kuti ikulembereni mndandanda wa mabuku chifukwa imapeka mapepala oti kulibe, ndipo wounika akagwira limodzi lokha sakhulupiriranso china chilichonse mwalemba.

Chachisanu ndi chiwiri, masitazi ndi PhD

Apa nde pamene sukolashipu ikubwera, ndipo mukuona kuti mukufika muli ndi funso, khodi, posita ndi anthu awiri okuchitirani umboni. Ngati cholinga ndi kafukufuku sankhani masitazi yokhala ndi thesisi yeniyeni, osati ya makalasi okhaokha. AIMS, imene inayamba mu 2003 ku Cape Town ndipo pano ili ndi masukulu ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, imapereka masitazi ya masamu yolipiriridwa zonse ndipo yatumiza anthu ambiri ku PhD. Carnegie Mellon University Africa ku Kigali ili ndi masitazi a IT, uinjiniya wa magetsi ndi makompyuta komanso AI. Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, nde mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi. Pali Commonwealth, DAAD ya ku Germany, Erasmus Mundus, Fulbright, Mastercard Foundation. Chevening ndi ya masitazi ya chaka chimodzi ku UK, imafuna zaka 2 za ntchito ndipo mukamaliza mumayenera kubwerera kwanu kwa zaka 2, koma iyo imayang'ana kwambiri utsogoleri kusiyana ndi kafukufuku. Pa PhD yang'anani Rsif imene imalipirira a sayansi, uinjiniya ndi tekinoloje m'mayunivesite a mu Africa. Achemwali, inu muli ndi makomo ena owonjezera, OWSD ndi Faculty for the Future ya Schlumberger Foundation, ndipo ndikupemphani musadzichotse nokha pa mzere poganiza kuti simukukwana, tumizani, okana akane okha.

Ndipo masitazi ya konkuno musaiderere. Kuphunzira pa MUBAS, MUST, KUHeS kapena ku Zomba uku mukugwira ntchito pa pulojekiti, ndi supavaiza wabwino, nkutuluka ndi pepala limodzi labwino, kumatsegula PhD bwinobwino.

Zokonzekera zake yambani chaka chathunthu nthawi isanakwane. Pasipoti, thiransikiripiti yosindikizidwa chidindo, makope a satifiketi otsimikizidwa, zonsezi m'maofesi zimatenga nthawi nde osadikira sabata yotseka. IELTS, satifiketi ya mayeso a Chingerezi, imagwira ntchito zaka 2 zokha ndipo ndi yodula, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nde musanalipire funsani yunivesiteyo ngati ingalandire kalata yonena kuti digiri yanu munaphunzira m'Chingerezi, ena amalola ena ayi. Okulemberani umboni auzeni mwezi umodzi pasadakhale, muwatumizire CV, kalata yanu ndi tsiku lotseka, muwakumbutse. Pangani tebulo la masukolashipu ndi masiku ake otsekera, ambiri amatsegula kumapeto kwa chaka kuti mukayambe chaka chinacho. M'kalata yofotokoza cholinga chanu musayambe ndi zoti kuyambira ndili mwana ndinkakonda makompyuta, aliyense amalemba zomwezo, yambani ndi funso lanu la Soche lija kapena la mapaipi, zimene munapeza, chimene chinakukanikani, ndi chifukwa chake labu imeneyoyo ndi imene ingakuphunzitseni chosowacho.

Pa PhD sankhani munthu kuposa dzina la yunivesite, mukhala naye zaka 3 kapena 4, kwina mpaka 5. Lemberani ophunzira ake akale muwafunse ngati amapezeka, ngati amawerenga zolemba msanga, ngati anthu ake amamaliza. Funsaninso ndalama ya pamwezi ndi mtengo wa nyumba kumeneko, ndipo khalani pansi ndi a kubanja muwauze zoona kuti ndalama ya sukolashipu ndi yodyera ndi lendi, simalipiro a kunja, kuti asadzayembekezere fizi ya ana onse a pamudzi kwa inu.

Ngati mukunyamuka muli kale pa ntchito ya yunivesite, werengani bwino pepala la tchuthi cha maphunziro musanasaine, nthawi zambiri limakumangani kuti mudzagwire zaka zingapo mukabwera. Muli kunjako pitirizani kulumikizana ndi dipatimenti yanu, muike mnzanu wa kuno pa pepala ngati wagwiradi ntchito, muthandize kuyang'anira wophunzira mmodzi wa chaka chomaliza pa intaneti, ndipo chaka chomaliza cha PhD yambani kulemba pempho la ndalama zazing'ono za kafukufuku, chifukwa mukafika kuno mudzapeza makalasi akuluakulu ndi mapepala a mayeso ochonga akukudikirani, ndipo ndalama imeneyo ndi imene idzakugulireni nthawi, masensa ndi wothandizira mmodzi woti ntchito ipitirire.